Phunziro Laling'ono

M'mayunivesite ambiri a chigawo chino cha Africa, wophunzira amene akutsata digiri ya zauphunzitsi amasankha maphunziro awiri oti apitirize nawo akadutsa zaka zoyamba. Limodzi limatchedwa phunziro lalikulu, linalo laling'ono. Kusiyana kwake kwagona pa kuchuluka kwa makosi: lalikulu amalitsata mpaka chaka chomaliza, pamene laling'ono amangotapako magawo okwanira kuti adzathe kuliphunzitsa ku sekondale. Koma dzina lili ndi mphamvu pa maganizo a munthu. Chimene chatchedwa chaching'ono, ophunzira amachiwerenga usiku woti mawa lake kuli mayeso, ndipo ena mwa aphunzitsi awo amachiona ngati mtolo woonjezera, n'kumakumbutsa kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Chingerezi ndi phunziro limene ambiri amalitenga motere. Amene walitenga amadutsa m'njira zitatu. Yoyamba ndi ya mabuku a nkhani, ndakatulo ndi zisudzo. Yachiwiri ndi ya kaphunzitsidwe, momwe amaphunzira kukonza phunziro la tsiku, kufunsa mafunso ndi kuchonga ntchito za ana. Yachitatu ndi ya kalembedwe ka malipoti, makalata a ntchito ndi malangizo. Njira zitatuzi sizilandira ulemu wofanana. Ya mabuku ndiyo imatchuka, ya kaphunzitsidwe imapiriridwa poti ndiyo yopezera ntchito, pamene yachitatu imaoneka ngati ntchito ya kalaliki imene munthu wanzeru angadzaiphunzire yekha akadzafika mu ofesi. Moyo wa mayi wina wa ku Ntcheu, amene waphunzitsa ku sekondale zaka pafupifupi 30, ukuonetsa kuti kasanjidwe kameneka kafunika kukaganiziranso.

Mayiyu adafika ku Chancellor College ku Zomba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Phunziro lake lalikulu lidali mbiri yakale, ndipo Chingerezi adachitenga chifukwa adachikhoza bwino pa mayeso a Fomu 4. Nthambi ya Chingerezi pa koleji imeneyi idali ndi mbiri yakeyake. Gulu la olemba la Writers Group lidayamba mu 1970, koleji isanasamuke ku Chichiri kupita ku Zomba mu 1973, ndipo lidakula pansi pa lamulo la 1968 limene lidapatsa bungwe la boma mphamvu zoletsa mabuku. Jack Mapanje, amene buku lake la ndakatulo Of Chameleons and Gods lidatuluka mu 1981, adali mkulu wa nthambiyi pamene adamangidwa mu 1987, ndipo adakhala m'ndende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka 1991. Choncho ophunzira a nthawi imeneyo sankafunika kuuzidwa kuti mawu ali ndi mtengo.

Chimene mayiyu adatola m'makosi a mabuku ndi luso lowerenga mofatsa. Adazindikira kuti mlakatuli wa nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi ankalembera anthu awiri nthawi imodzi: wopima mabuku, amene sankayenera kumva kanthu, ndi mnzake wa m'mudzi kapena wa m'kalasi, amene ankayenera kumva zonse. Nanzikambe, mvula, chilala ndi Napolo wa m'ndakatulo za Steve Chimombo zidali zophiphiritsa zimene aliyense mwa awiriwa ankazimva mwa njira yake. Ndiyeno pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Katolika adatulutsa kalata yawo ya m'nyengo ya Lenti, imene idafika kwa anthu m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Kalatayo sidaphiphiritse. Idanena za malipiro, zipatala, sukulu ndi ufulu woyankhula m'mawu amene wokolopa mu ofesi ndi mlimi wa fodya adawamva pomwepo, ndipo dziko lidagwedezeka. Wophunzira watcheru adaona m'zaka zomwezo kalembedwe kobisa ndi kalembedwe koulula, ndipo adaona kuti konseko wolemba amayamba wadziwa bwino amene adzawerenge.

Atamaliza maphunziro adatumizidwa ku sukulu ya kumudzi, imodzi mwa zimene pambuyo pake zidasanduka sekondale zoyendera za m'madera. Kumeneko phunziro laling'ono lija lidameza lalikulu. Mbiri yakale ana amachita kusankha, koma Chingerezi amalemba mwana aliyense, ndipo satifiketi ya MSCE siperekedwa kwa amene walephera Chingerezi ngakhale atakhoza maphunziro ena onse. Mphunzitsi wamkulu ataona kuti mlendoyu ali ndi Chingerezi pa pepala lake, adamupatsa makalasi onse anayi. Kuyambira pamenepo tsogolo la ana mazanamazana lidadalira makosi ochepa aja amene anzake ankawawerenga mothamanga.

Makosi a kaphunzitsidwe adamuthandiza kukonza ntchito, koma sadamukonzekeretse pa chinthu chimodzi chimene mphunzitsi aliyense wa kumudzi amachidziwa. Mwana amene akuwerenga Macbeth m'kalasi amaganiza m'Chichewa. Akafika pa mfiti zitatu zija samadabwa, poti nkhani za ufiti adazimva ali pamsana. Chimene chimamuvuta ndi kamangidwe ka chiganizo. M'Chichewa mneni mmodzi amanyamula mwininkhani, nthawi ndi pamtherankhani, ndipo sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, kotero mwana amene amasokoneza alowam'malo a Chingerezi a mwamuna ndi mkazi sakuchita ulesi. Akutsata lamulo la chiyankhulo chake. Chimodzimodzinso ndi kusinthanitsa l ndi r, kapena kuika lembo laliwu kumapeto kwa mawu othera ndi lembo lopanda liwu. Mayiyu adapeza kuti akafotokozera ana m'Chichewa kumene cholakwacho chikuchokera, ankachisiya msanga kusiyana ndi pamene ankangochilemba mzere wofiira. Njira imeneyi adaipeza yekha, ndipo ankaigwiritsa ntchito chitseko chili chotseka, poti panthawiyo kuyankhula Chichewa pa sukulu zambiri za sekondale kudali mlandu wolipira chilango.

Njira yachitatu idadikira zaka zoposa khumi kuti ioneke ntchito yake. Mu 2007 dziko la Malawi lidasintha mankhwala oyamba ochizira malungo, kuchoka pa SP, amene ambiri ankawadziwa ndi dzina lakuti Fansidar, kupita pa LA. Kusinthaku kudali kwakukulu kwa wodwala. Munthu wamkulu ankamwa mapiritsi 3 a SP kamodzi n'kuthana nazo. LA amamwa maulendo 6 m'masiku 3, mapiritsi 4 ulendo uliwonse, onse pamodzi 24, ndipo ulendo wachiwiri umabwera patatha maola 8. Mayiyu adali m'komiti ya chipatala chaching'ono cha m'deralo, ndipo anzake adamupempha, monga mphunzitsi wa Chingerezi, kuti alembe kapepala ka Chichewa koti amayi azikatenga pa sikelo ya ana.

Ntchitoyo idaoneka ya ola limodzi, koma idatenga sabata. Mneni amene Chingerezi chimagwiritsa ntchito pa mankhwala ndi yemweyo wotanthauza kutenga, ndipo womasulira wothamanga amalemba kuti “tengani mapiritsi”, zomwe wodwala wachita kale pa windo la chipatala. Chingerezi chimalamula aliyense mofanana, koma Chichewa chimakakamiza wolemba kusankha pakati pa “imwa” ndi “imwani”, ndipo ngati wowerenga ndi mayi wa mwana wodwala, mawu oyenera ndi akuti “mumwetseni”. Maola 8 alibe tanthauzo m'nyumba yopanda wotchi, choncho adafunika kuwasandutsa nthawi zimene anthu amazidziwa: amene wayamba m'mawa dzuwa litangotuluka amwenso masana dzuwa litapendeka. Vuto lalikulu lidali pa mawu akuti malungo enieniwo. M'kayankhulidwe ka tsiku ndi tsiku malungo ndi kutentha kwa thupi ndi kuphwanya kwa m'mafupa, kaya kwadza ndi udzudzu kaya ayi. Wodwala akaona kuti thupi lazizira pa tsiku lachiwiri amanena zoona ndithu kuti malungo atha, ndipo mapiritsi otsala amawasungira mwana amene adzadwale mwezi wamawa. Mayiyu adaika chenjezo pamwamba penipeni pa kapepalako, kuti tizilombo timatsala m'magazi ngakhale thupi litazizira, ndipo mankhwala amwedwe onse.

Pochita zonsezi adagwiritsa ntchito zimene adaphunzira m'kosi ya malipoti ndi malangizo: mfundo imodzi pa chiganizo chimodzi, zochita zisanjidwe monga zidzachitikire, chenjezo libwere chinthu choopsacho chisanachitike, ndipo zolembazo ziyesedwe pa munthu weniweni. Adawerengera amayi asanu kapepalako n'kuwapempha kuti afotokoze zimene akachite kunyumba. Pamene awiri adasiyana mayankho, adadziwa kuti cholakwa chili pa pepala. Adagwiritsanso ntchito khutu limene adalinola pa ndakatulo, lomva kuti liwu limodzi lingathe kunyamula matanthauzo awiri. Mlakatuli amasunga matanthauzo onse awiriwo mwadala, pamene wolemba malangizo amawasaka kuti achotse limodzi. Ndipo kuyesa kapepala pa amayi asanu aja ndi ntchito yomwe ija ya mphunzitsi, yofunsa funso kuti aone ngati phunziro lamveka.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Njira zitatu za phunziro laling'onoli zimaphunzitsidwa m'Chingerezi, koma kwa omaliza maphunziro ambiri zimakathera pa munthu woyankhula Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena chiyankhulo china cha kumudzi. Mlangizi wa zaulimi amene akufotokoza kuti chimanga chibzalidwe mbewu imodzi pa phando, mapando atalikirane masentimita 25 ndipo mizere masentimita 75, ayenera kuganizira mlimi wopanda chingwe choyezera, n'kumuuza kuti adule kamtengo kamodzi ka muyeso kakhale koyendera munda wonse. Kalaliki wa kukhoti, namwino ndi mlembi wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi amakumana ndi zomwezo. Onsewa amaphunzitsidwa theka la ntchito, ndipo theka linalo amalipeza mwa kuyesayesa, pamene cholakwa chawo chikulipiridwa ndi wodwala kapena mlimi.

Mbiri ya ndondomeko za ziyankhulo ikufotokoza mmene mpatawu udabwerera. Mu 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party udakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko, Chingerezi n'kukhalabe cha ntchito za boma. Chichewa Board idakhazikitsidwa mu 1972 ndipo idalimbikira pa malamulo a kalembedwe. Centre for Language Studies idalowa m'malo mwake mu 1996, ndipo mu 2000 idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Koma lamulo la zamaphunziro la 2013 lidanena kuti chiyankhulo chophunzitsira m'sukulu ndi Chingerezi. Pa zaka zonsezi Chichewa chidaphunzitsidwa ngati phunziro la malamulo a chiyankhulo, miyambi ndi mabuku a olemba monga Samuel Ntara ndi John Gwengwe, pamene luso lolemba lipoti ndi malangizo lidatsala m'manja mwa Chingerezi.

Mu 1968 momwemo, ku Nairobi, Ngũgĩ wa Thiong'o, Henry Owuor-Anyumba ndi Taban lo Liyong adalemba chikalata chopempha kuti nthambi ya Chingerezi ithetsedwe ndipo mabuku ndi ziyankhulo za mu Africa zikhale pakati pa maphunziro. Mtsutso umene adauyambitsa udakhazikika pa funso la mabuku oyenera kuwerengedwa. Funso la chiyankhulo cholembera malangizo a mankhwala silidakope akatswiri mofananamo, mwina chifukwa palibe amene adatchukapo ndi kapepala ka pa sikelo. Komatu kukonza mbali imeneyi sikufuna kuthetsa nthambi iliyonse. Kukufuna kuti m'kosi ya kalembedwe ka malangizo wophunzira alembe ntchito iliyonse kawiri, m'Chingerezi ndi m'chiyankhulo cha anthu amene adzawatumikire, ndipo achongedwe pa zonse ziwiri ndi aphunzitsi a nthambi ya Chingerezi pamodzi ndi a nthambi ya ziyankhulo za mu Africa. Phindu lake lingadutse malire a Malawi, poti chiyankhulo chomwechi chimayankhulidwa kum'mawa kwa Zambia, ku Tete ndi ku Niassa m'dziko la Mozambique, ndipo malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 adachiika pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka.

Otsutsa ali ndi mfundo zomveka. Amati makosi a phunziro laling'ono ndi ochepa kale, ndipo Chingerezi cha ophunzira ambiri n'chofooka moti ola lililonse lochotsedwapo ndi kutaya. Amatinso Chichewa chilibe mawu okhazikika a zinthu zambiri za sayansi. Mfundo yachiwiriyi ndi yoona pang'ono chabe, chifukwa mawu amakhazikika akamagwiritsidwa ntchito, monga adakhazikikira katemera, feteleza ndi kachilombo, ndipo kalasi la ophunzira olimbana ndi kapepala ka mankhwala ndi malo abwino osulira mawu otere. Pa mfundo yoyamba, aphunzitsi amene adayesapo kumasulira amadziwa kuti wophunzira angathe kubwereza chiganizo cha Chingerezi chimene sakuchimva, mphunzitsi osazindikira. Akauzidwa kuti achinene m'Chichewa, kusamvako kumaonekera poyera. Motero kulemba kawiri kumalimbitsa Chingerezi chomwecho.

Mayi wa ku Ntcheu uja watsala pang'ono kupuma pa ntchito. Ana a Fomu 3 amene amawaphunzitsa amalemba chimangirizo cha Chingerezi monga silabasi ifunira, koma kamodzi pa teremu amawapatsa chikutu cha mankhwala a mbewu kapena pepala la malangizo a chipatala kuti alilembe m'Chichewa, akawerengere agogo awo, n'kubwera ndi zimene agogowo amva. Ntchitoyi siili pa mayeso a boma, ndipo ana ena amadandaula kuti ikuwadyera nthawi. Iye amangowafunsa kuti kwawo amene amawerengera ena malangizo a mankhwala ndani, ndipo pafupifupi onse amakweza manja.