Tsidya lino ndi tsidya ilo la mtsinje wa Luangwa

Ukachoka ku Chipata n'kutsika mapiri kulowera ku Mfuwe, kutentha kumakulandira usanaone ndi nyama yomwe. M'mbali mwa msewu muli zonse za kumudzi: amayi ogulitsa tomato, ana ovala yunifomu, njinga zonyamula makala, mitengo ya mango yolemera ndi zipatso. Koma pakati pa phula pali ndowe ya njovu, yaiwisi, ndipo anthu akungoilambalala.

Dera limeneli ndi Lupande Game Management Area, m'boma la Mambwe ku Zambia. Ndi malo osungirako nyama, koma anthu sanachotsedwemo. Akunda a kwa Mfumu Kakumbi, Nsefu, Mnkhanya ndi mafumu ena amalima chimanga, thonje ndi mpunga momwemo. Lamulo limalolanso ulenje m'zigawo zina, koma wa chiphaso: boma limatchuliratu chiwerengero cha nyama zoti ziphedwe pa chaka, mlenje amalipira, ndipo gawo la ndalamazo limayenera kubwerera kwa anthu kudzera m'makomiti a kumudzi otchedwa Community Resources Board.

Ndinaima pamunda wina m'mawa. Mapesi anali atagona mbali imodzi, ndipo mapazi a njovu, aakulu ngati lichero, analowera kudambo. Pampanda panali nsanza zopakidwa oyilo wakuda wosakaniza ndi tsabola wowawa. Mwini munda anandionetsanso njerwa zouma za ndowe ndi tsabola zimene amayatsa usiku kuti utsi wake uthamangitse njovu. Maso ake anali ofiira. Anachezera pamsasa akumenya chitini, koma njovuzo zinalowa cha m'mbandakucha iye atangowodzera pang'ono. Kuseri kwa nyumba anamanga nkhokwe ya njerwa ndi simenti, chifukwa ya nsungwi njovu imangoikankha ndi mutu.

Kenako pali mlatho. Pansi pake mvuu zaunjikana m'madzi ochepa a chilimwe, ng'ona zayasamula pamchenga. Pageti umalemba dzina, umalipira, ndipo amakuuza nthawi yotuluka. Ukangodutsa, phokoso la njinga zamoto limatha. Uwu ndiye South Luangwa National Park, kukula kwake masikweya kilomita 9,050. Muno mulibe munda, mulibe mudzi, sudula mtengo, sutola nkhuni, ndipo mfuti ya mlenje siloledwa ngakhale atabwera ndi ndalama zochuluka bwanji. Mfuti imene ndinaona inali paphewa la mlonda wa boma amene amaperekeza alendo oyenda pansi.

Pansi pa mvunguti nswala zinkadya maluwa ofiira ogwetsedwa ndi anyani. Patsogolo pang'ono, pakati pa mitengo ya tsanya, panatulukira nyamalikiti ya mtundu wa Thornicroft, imene kwawo ndi m'chigwa chino chokha. Sinathawe. Inatiyang'ana nthawi yaitali, n'kupitiriza kubudula masamba. Nyama yosadziwa kulira kwa mfuti imaoneka ndi kaimidwe kake, ndipo mtima wanga unakhala pansi poiona.

Malo ano sanayambe ali paki. Mu 1938 boma la atsamunda linawaika kukhala game reserve, ndipo anasanduka national park mu 1972. Pakati pa zaka zimenezo munthu wina dzina lake Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu, cha mu 1950, kuti alendo azibwera kudzaona nyama ndipo ndalama zizipita kwa anthu a mfumuyo. Kwathu ku Malawi zinayenda mosiyanako: Majete, Nkhotakota, Vwaza ndi Mwabvi ndi ma wildlife reserve, koma mosiyana ndi ku Lupande m'kati mwake simukhala midzi, ndipo mlendo sangawasiyanitse kwenikweni ndi mapaki ngati Liwonde kapena Kasungu.

Ku Luangwa kusiyanako kumaoneka ndi maso, koma njovu sizikudziwa. Palibe mpanda. Madzulo ndinaona gulu la njovu likuwoloka mtsinje, ana pakati, kulunjika kumidzi kumene mango apsa. Paki imakhala ndi moyo chifukwa cha Lupande: nyama zimafuna malo otakasuka, ndipo amene amagona nazo pafupi ndi alimi aja. Mlendo amalipira madola kuti aone njovu masana. Mlimi amalipira chimanga chake usiku.

Inu amene mudzapite ku Mfuwe, musangodutsa m'midzimo mawindo ali otseka. Imani, gulani pamsika, lembani ntchito wotsogolera alendo wa komweko, ndipo kumene mukagone mukafunse kuti pa ndalama zanuzo, zingati zimafika tsidya lino la mlatho.