Kusamuka Dzuwa Litapendeka

Mbusa ndi munthu wozolowera kusamuka. Mpingo wina ukamuitana, amamanga katundu, natsazika nkhosa zake, nakayamba kuphunzira maina atsopano. Ine ndinasamuka chotero kasanu pa zaka 33 za ubusa. Koma ulendo wa m'chaka cha 2022 unali wa mtundu wina. Ndiri ndi zaka 62, ndinachoka pa mpingo wa kumudzi m'boma la Mchinji kudzakhala mu mzinda wa Lilongwe, kumene sukulu ina ya ubusa inandipempha kuti ndiziphunzitsa atsogoleri a mawa a Eklesia pa intaneti.

Akulu a mpingo anandifunsa funso loyenera. Anati, "Abusa, ngati ophunzirawo mudzawapeza pa makina, mukusamukiranji? Makinawo sangabwere kuno?" Yankho lake ndi la magetsi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'Malawi amakhala kumidzi, ndipo midzi yambiri mawaya a magetsi sanaifike. Kunyumba ya abusa tinali ndi kasola kokwanira kuunikira chipinda ndi kutchaja foni basi, ndipo netiweki tinkaipeza bwino tikakaima pa bwalo la sukulu. Wophunzira akhoza kupirira zotere, pakuti amatenga phunziro kamodzi nakaliwerenga kunyumba. Koma mphunzitsi woyankhula ndi anthu 20 kwa maola awiri asowa magetsi okhazikika, nyumba ya mabuku, ndi aphunzitsi anzake okambirana nawo.

Sindibisa kuti kusamukako kunawawa. Pa msinkhu umenewu munthu amayamba kuumba njerwa za nyumba yopumuliramo, ndipo zathu zinali zitaotchedwa kale. Amayi busa anasiya amayi a Chigwirizano amene anayenda nawo zaka 9, anasiya dimba ndi nkhuku zawo, nabwera kumene ngakhale nkhwani ndi wogula. Ine ndinasiya ana amene ndinawabatiza, ena a iwo ndinali nditayamba kudalitsa maukwati awo. Tsopano pa Sabata ndimakhala pa benchi monga Mkristu wina aliyense, ndipo usiku palibe wogogoda kudzanena kuti kwagwa zovuta. Mbusa wokalamba amausowa mgogodo umenewo kuposa m'mene mungaganizire.

Chinandilimbitsa mtima ndicho kulingalira m'mene Eklesia wakhala akuphunzitsira atsogoleri ake. Kuyambira pamene A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anafika ku Mvera mu 1889, wofuna maphunziro ndiye ankasamuka. Abusa athu oyamba, Abusa Andreya Namkumba ndi Abusa Namoni Katengeza, amene anadzozedwa m'zaka za m'ma 1920, anaphunzira pa misyoni. Sukulu ya ubusa ya ku Zomba itatsegulidwa mu 1977, njira inali yomweyo: munthu asiye munda ndi ntchito, akakhale pa sukulu zaka zingapo. Njira imeneyi inatipatsa abusa olimba, ndipo ifunikabe. Koma ndi angati angaitsate? Mbusa mmodzi wa kumudzi amakhala ndi nyumba zopemphereramo zambiri, ndipo pa Sabata amafika pa imodzi yokha. Kwinako amalalikira ndi akulu a mpingo, ambiri a iwo osalandira maphunziro a Mau kupitirira kalasi ya ubatizo.

Vuto ili si lathu lokha. Mu 1963 Apresbiteriyo a ku Guatemala anaona kuti amene akutsogolera mipingo ya kumidzi ndi anthu a mabanja osakhoza kusiya minda yawo, pamene anyamata otsiriza sukulu ya ubusa ankakonda kukhazikika m'mizinda. Chotero aphunzitsi monga James Emery ndi Ralph Winter anayamba kunyamula maphunziro kupita nawo kwa anthuwo. Nzeru imeneyi inafalikira m'maiko ambiri, ndipo kuno kwathu bungwe la TEEM lakhala likuphunzitsa anthu ali kwawo, ndi mabuku ndi timagulu tokumana nthawi ndi nthawi. Mliri wa Covid-19 utatsekesa sukulu zonse m'mwezi wa March 2020, aphunzitsi ambiri anakakamizika kuyesa intaneti, ndipo mliri utatha khomo limenelo linakhalabe lotseguka. Ndinazindikira kuti kusamuka kwanga ine mmodzi kudzalola anthu ambiri kuphunzira osasiya nkhosa zawo.

M'kalasi mwanga muli mphunzitsi wa pulayimale wa ku Kasungu, mlaliki wa ku Angónia m'dziko la Mozambique, mkulu wa mpingo wa ku Chipata, mayi wotsogolera Sande sukulu ku Harare, ndi bambo wogwira ntchito ya ulonda ku Johannesburg amene amasonkhanitsa Amalawi anzake pa Sabata. Mwamwayi maiko onsewa ali ndi nthawi yofanana. Koma mmodzi ali ku Britain, kumene koloko imatsalira ndi ola limodzi m'miyezi yawo yotentha ndi maola awiri m'miyezi yozizira, ndipo iye amalowa m'kalasi atangoweruka ku ntchito. Timakumana pa Zoom Lachiwiri madzulo. Popeza bandulo ndi yokwera mtengo, phunziro lililonse ndimalijambulanso m'mau okha, m'zigawo zazifupi, ndi kulitumiza pa WhatsApp, kuti amene netiweki inamuthawa akamvere ali m'munda kapena pa minibasi.

Phindu lake ndaliona. Pa sukulu yogonera komweko wophunzira amafunsa za m'buku. Awa amafunsa za dzulo. Wa ku Johannesburg anafunsa m'mene angatonthozere banja limene likusonkha ndalama zonyamulira maliro kubwera kumudzi, pamene ana alibe chakudya. Wa ku Angónia anafunsa za mnyamata wofuna kubatizidwa amene atsibweni ake akumukokera ku dambwe. Ulaliki wawo amaujambula pa foni m'tchalitchi mwawo momwemo, ndipo ine poumvera ndimamva makanda akulira, mvula ikugunda malata, ndi pamene anthu anayamba kutsokomola chifukwa mlaliki watalikitsa. Zaka 33 za maliro, milandu ya pa sesoni ndi maukwati ogwedezeka zapeza ntchito imene sindinailote.

Komatu pali chinthu chimene makina sangachite, ndipo ndicho chandichititsa kukulemberani. Pa sukulu ya ubusa aphunzitsi athu ankationa tsiku lonse. Ankadziwa wodzuka mochedwa ku mapemphero, wokalipira mkazi wake, wokongola ndalama osabweza. Pa kompyuta ine ndimaona nkhope ndi mapewa okha. Masiku ano aliponso makina otha kulemba ulaliki wosalala m'mphindi imodzi, kotero kuti pepala labwino silitsimikiza kuti mwini wake analimbana ndi Mau. Werengani 1 Timoteo 3, muone kuti zoyenereza woyang'anira Eklesia zambiri ndi za khalidwe: kudziletsa, kuchereza alendo, kusakonda ndalama, kuweruza bwino nyumba yake. Zimenezi sizioneka pa galasi la foni. Mtumwi Paulo anaphunzitsa mipingo ya kutali ndi makalata, komabe ankatuma Timoteo ndi Tito kukakhala pakati pa anthuwo, ndipo iye mwini ankalakalaka kuonana nawo maso ndi maso.

Chifukwa chake wophunzira aliyense ndimampempha akhale ndi mbusa kapena mkulu wa mpingo wa pafupi womuyang'anira, ndipo amene angathe timakumana pamodzi kawiri pa chaka. Koma zimenezi sizikwanira popanda inu. Ntchito imene kale inkachitika pa phiri la misyoni tsopano yagwera mpingo ndi banja. Mutu umodzi susenza denga.

Inu makolo, mwana wanu kapena mkulu wa mpingo wanu akakhala pa foni madzulo ndi kope m'manja, musafulumire kunena kuti akusewera. Mfunseni chimene waphunzira, mpatseni mpata, ndipo ngati mungathe mthandizeni kugula bandulo, monga makolo athu ankasonkhera chimanga mwana wopita ku misyoni. Koma sesoni ikadzakufunsani za khalidwe lake, nenani zoona, ngakhale ali mbale wanu. Kubisa chilema cha mtsogoleri lero ndiko kulirira mpingo mawa.

Inu anyamata ndi asungwana, foni imene muli nayo ikhoza kukufikitsani ku maphunziro amene agogo anu ankawayendera masiku ambiri pansi. Koma satifiketi siweta nkhosa. Pitani ku maliro, kayendereni odwala, khalani pansi pa akulu a kwanu, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Ndipo inu abusa anzanga amene imvi zayamba, musaganize kuti zimene mwaziona m'zaka zanu zikapume nanu pa khonde. Alipo achinyamata ambiri amene ali ndi mabuku koma alibe womufunsa. Kugwiritsa ntchito kompyuta munthu amaphunzira m'miyezi yochepa; kudziwa chonena pa manda a mwana kumatenga moyo wonse.

Mutipempherere ife aphunzitsi pamodzi ndi mabanja athu, ndipo mupempherere ophunzira amene amwazikana m'maiko ambiri, kuti Mwini zokolola awasunge oyera mtima kufikira tsiku limene adzaimirira pamaso panu.