Lilime la Wolawa Likhale Mboni Yoona

Pa nthawi ya kupuma, anthu ena aweta nkhunda, ena asonkhanitsa masitampa a maiko akutali, ena ayang'ana mbalame za m'thengo ndi kulemba maina ao. Ine ndiri mmodzi wa iwo amene alawa wisiki wa ku America, makamaka uja amucha bourbon, ndi kulemba m'kabuku cimene mphuno ndi lilime zandiuza. Ndidziwa kuti ena a inu owerenga mwayamba kale kupukusa mutu, ndi kunena mumtima mwanu kuti limeneli ndi dzina laulemu cabe la kuledzera. Kukayika kwanu sindikunyoza, pakuti misozi imene mowa wagwetsa m'mabanja siwerengeka. Koma ndipempha kuti mundilole ndifotokoze nchitoyi monga iri, popeza cimene ndaphunziramo ciyenera munthu ali yense, wakumwa ndi wosamwa yemwe, ndico kunena zoona za cinthu cimene wina afuna kugulitsa.

Poyamba tidziwe cinthuco. Bourbon ndi mowa wocita kucheza pamoto, monga achezera kacasu, ndipo mbeu yace yaikuru ndi cimanga comweci tidya ife. Wocuruka wa mowawu uphikidwa m'dziko la Kentucky, m'mene muli cigawo cina cimene cinachedwa Bourbon m'caka ca 1785, potsata dzina la banja la mafumu a ku France. Lamulo la ku United States linena kuti mwa magawo 100 a mbeu zophikira, magawo 51 kapena kuposa akhale a cimanga; otsalawo kawiri kawiri ndi cimera ca barele, pamodzi ndi tirigu kapena mbeu ija ya m'maiko ozizira yochedwa rye. Linenanso kuti mowawo ugone m'migolo yatsopano ya mtengo wathundu, yotenthedwa m'kati kufikira yada bii, ndi kuti munthu asathiremo utoto kapena cokometsera ciri conse, koma madzi okha. Umene ulembedwa kuti straight ukhale utagona m'mgolo zaka 2 kapena kuposa. M'caka ca 1964 Nyumba ya Malamulo ya ku Washington inagamula kuti bourbon ndi cinthu ca dziko lao lokha.

Poturuka mumphika, mowawo uli mbee ngati madzi a pacitsime, ndi waukali wosakondweretsa. Kufiira kwace konse, ndi gawo lalikuru la kukoma kwace, zicokera m'matabwa a mgolo. Mgolo umodzi ulowa malita ngati 200, ndipo migoloyo iunjikidwa m'nkhokwe zazitali za nyumba zosanjikana. Ku Kentucky nyengo yotentha itentha ndithu, ndi nyengo yacisanu izizira koopsa. Pakutentha mowa ufutukuka nulowerera m'matabwa; pakuzizira ubwerera, utatenga shuga wopserera wa m'matabwamo ndi pfungo la vanila. Caka ndi caka gawo lina liuluka ngati nthunzi, ndipo eni ace alicha gawo la angelo. Mgolo wokhala pafupi ndi denga ulandira kutentha koposa wokhala pansi. Cotero migolo iwiri yodzazidwa tsiku limodzi ndi dzanja limodzi ikhoza kusiyana makhalidwe monga ana a mimba imodzi. Kusiyana kumeneku ndiko wolawa afunafuna.

Kalawidwe kace nkotere. Ndithira pang'ono, monga supuni imodzi yaikuru, m'kagalasi kotupa pamimba ndi kocepa kukamwa, kuti pfungo lisabalalike. Ndiyang'ana maonekedwe ace pakuwala. Ndinunkhiza kukamwa kwanga kuli kotseguka pang'ono, pakuti wolowetsa mphuno mwaliwiro angomva kuwawa, naturuka misozi. Pamenepo ndilawa kadontho, ndi kukayendetsa m'kamwa monse, ndi kulindira. Nditatero ndidonthezamo madzi pang'ono, ndi kuyambanso, popeza madzi amasula pfungo limene ukali unabisa. Galasi limodzi likhoza kunditengera theka la ora. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Wodekhayo azindikira kuti wisiki wa rye wambiri uluma lilime ngati tsabola. Kuti wa tirigu, monga Maker's Mark ndi W. L. Weller, uli wofatsa. Ndi kuti wa ku Tennessee, monga Jack Daniel's wa ku Lynchburg, umene udontha pakati pa makala a mtengo wa maple usanalowe mumgolo, uli ndi kusalala kwace kwace. Polemba ndichula zokhazo zimene mphuno yanga izidziwa: uci, nzimbe, mtedza wokazinga, nthoci yakupsa, cimanga coocha, fodya wouma. Dzina la cipatso cimene sindinadyepo sindililemba, cinkana ndaliwerenga m'mabuku a olawa ochuka, pakuti mboni yobwereka mau a mnzace yaleka kukhala mboni.

Ndachula umboni cifukwa mbiri ya mowawu ndi mbiri ya mlandu wa cinyengo. M'zaka za m'ma 1800 amalonda ambiri a ku America anali kugula mowa wosagona mumgolo, nauthira shuga wopsereza, madzi a zipatso zouma, ena ngakhale madzi a fodya, kuti ufiire. Ndipo anaugulitsa ndi dzina la wisiki wakale wa ku Kentucky. Wosauka wogula analibe njira ya kudziwa cimene akumwa, ndi ophika oona mtima anali kuonongeka malonda. Pamenepo E. H. Taylor wa ku Frankfort ndi anzace anadandaula ku boma, ndipo m'caka ca 1897 linaikidwa lamulo lochedwa Bottled-in-Bond. Botolo lokhala ndi mau amenewa liyenera kukhala la wophika mmodzi, la malo amodzi ndi nyengo imodzi, logona zaka 4 kapena kuposa m'nkhokwe yoyang'aniridwa ndi boma, ndipo ukali wace ukhale magawo 50 mwa 100. Kunali monga boma liimirira pabwalo ndi kucitira botolo umboni. M'caka ca 1906 linadza lamulo lina loletsa kunama pa zakudya ndi mankhwala, ndipo mu 1909 Pulezidenti William Howard Taft anagamula yekha maina amene mitundu ya wisiki iyenera kulembedwa nao.

Madzi a fodya anatha, koma cikomekome ca mkuyu cikalipo, ndipo masiku ano cikhala m'nthano zolembedwa pa botolo. Ambiri amva kuti mlaliki wina, Elijah Craig, ndiye anayamba bourbon m'caka ca 1789. Koma ofufuza mbiri sanapeze kalata ya masiku amenewo yotsimikiza nkhaniyi. Maina ambiri a wisiki, ooneka ngati a wophika wamng'ono wa kumudzi, agula mowa wao ku cinyumba cimodzi cacikuru ca ku Lawrenceburg m'dziko la Indiana. Mowawo si woipa ai, ndipo kugula kwa mnzako si chimo. Bvuto ndi kubisa. Eni ace a Templeton Rye, a ku Iowa, atasumiridwa ndi ogula, anabvomera mu 2015 kulemba pa botolo kuti mowa wao unaphikidwa ku Indiana. Pali zinanso zoona zimene zinakhala cete zaka zambiri: mu 2016 eni ace a Jack Daniel's anayamba kunena poyera kuti amene anaphunzitsa mnyamata Jack Daniel luso limeneli anali munthu wakuda, Nathan Green, wodziwika ndi dzina la Nearest, pamene akali kapolo. Ndipo mbiri ikakwera, umbombo utsata. Wisiki wochedwa Pappy Van Winkle unachuka kotero kuti anthu augulitsana pa ndalama zoposa kambirimbiri zimene mwini wace anaika. Mu 2013 kunamveka kuti mabotolo ace ambiri abedwa ku Frankfort. Ndipo alipo onyenga amene agula mabotolo opanda kanthu, nawadzaza ndi mowa wamba, nawatsekanso.

Cifukwa cace ife owerengeka amene tikomana kamodzi pa mwezi tiri ndi mwambo wakuti mmodzi athira m'magalasi kuseri, ndi kuika manambala, ndipo ena tilawa ndi kulemba tisanaone botolo. Mwambowu uweruza mosakondera. Tsiku lina mnzathu wina, amene anasunga ndalama miyezi yambiri kuti agule botolo lochuka, analiika lacitatu mwa anai, nayamika koposa lina la ndalama zocepa logulidwa pa sitolo wamba. Zobisika zitaululidwa anakhala duu kanthawi, ndipo wina anamuuza kuti, "Acimwene, mukhoza kukonza zimene mwalemba, sitikusekani." Iye anayankha kuti, "Iai, zikhale comweco. Lilime langa lanena, ndipo cikwama canga cisalitsutse." Ndinamlemekeza munthu uja tsiku limenelo koposa kale.

Wolemba za wisiki ali ndi mayesero atatu. Loyamba ndi mphatso, pakuti ogulitsa atumiza mabotolo aulere kwa olemba, ndipo nkobvuta kunyoza cakudya ca m'nyumba imene wacerezedwa. Laciwiri ndi mantha a kusiyana ndi ochuka. Lacitatu ndi manyazi a kubvomera kuti cimene wagula ndi ndalama zambiri ncosakoma. Woyenera kumkumbukira pa mayesero onsewa ndi munthu wosadziwika uja amene adzawerenga mau ako, natenga ndalama za thukuta lace, mwina zimene zikadagula nsapato za mwana, napita nazo ku sitolo cifukwa wakukhulupirira. Ukamnamiza, wamubera ndithu, cinkana dzanja lako silinalowe m'thumba mwace.

Tsono ndibwere ku kukayika kwanu kuja. Lilime la woledzera liri mboni yonama. Akapitirira magalasi atatu kapena anai ang'ono ang'ono, munthu sasiyanitsanso uci ndi tsabola, ndipo zonse zimkomera cimodzimodzi. Ncifukwa cace olawa a m'nyumba zophikira alabvula zimene alawa. Iye amene athira kaciwiri cifukwa ca kutentha kwa m'mutu waleka kulawa, wayamba kumwa, ndipo asadzinyenge ndi kabuku kace. Dziko la America lomwe linalawa zowawa za mowa kufikira linauletsa konse kuyambira 1920 kufikira 1933. Ciletsoco cinalemeretsa ogulitsa mobisa, ndipo cinacotsedwa, koma cisoni cimene cinacibala cinali coona. Asing'anga a masiku ano atsimikiza kuti mowa uononga ciwindi, ndi kuti uli pakati pa zinthu zoyambitsa khansa. Cotero sindiitana munthu ali yense ku nchitoyi. Wosamwa asayambe cifukwa ca mau anga, pakuti sanataye kanthu. Mnyamata, mai woyembekezera, woyendetsa galimoto, ndi iye amene adziwa kuti botolo linamgonjetsapo kapena linagonjetsa atate wace, onsewa atalikire.

Koma kwa inu amene mulawa ndi kulemba, ndinena ici: thirani pang'ono, bisani botolo, dekhani, ndipo lembani cokhaco cimene mwamva. Mukalandira botolo laulere, uzani owerenga anu kuti nlaulere. Ndipo inu nonse amene anzanu akufunsani za mbeu, za ng'ombe yamalonda, kapena za mmisiri woti amange nyumba, kumbukirani kuti wofunsayo waika ndalama zace pa lilime lanu. Muyankheni monga munthu woimirira pabwalo la milandu.