Renti yanga inasowa pa njila ya ku Petauke

Imwe amene mukali kutumiza ndalama mu envulopu, mvelani zimene zinanichitikila. A landilodi anga anapuma nchito, akhala ku Petauke, ine nili mu nyumba yao ku Chawama. Mwezi watha ninaika K1,800 mu envulopu, napatsa kondakita wa basi pa Intercity. Risiti? Kulibe. Tinali kuchita chimodzimodzi zaka ziwili popanda vuto.

Patapita masiku atatu, foni yalila: "Mwana wanga, mwatiiwala?" Mtima unagunda. Kondakita ati anapatsa mnyamata wina pa stesheni. Mnyamata uti? Ziii.

Ninafuna kukangana, koma umboni ninalibe. Ninawauza a landilodi zonse mosabisa. Anakhala chete pang'ono, ndiye ati, "Ngati ndalama sinafike m'manja mwanga, simunalipile." Zowawa, koma zoona. Tinamvana kuti niziikako K600 pamwamba pa renti kwa miyezi itatu. Nyama pa nyumba tayamba taiwalako, ni kapenta na repu chabe.

Manje nituma pa mobile money. Niyang'ana dzina kawili nikalibe kuika PIN, ndipo meseji niisunga. Kondakita uja akali kunipatsa moni pa Intercity, ati, "Bosi, kulibe envulopu lelo?"