Usiku umene foni ya m'nyumba inakhala chete

Kalata inabwera Lachiwiri, ndipo inakhala pamwamba pa filiji sabata ziwiri ndisanaitsegule. Nditaiwerenga, nkhani yake inali yakuti foni yathu ya m'nyumba, ija timati ya pansi, isiya kudzera m'mawaya akale a kopa. Tikafuna kukhala nayobe, iziyendera intaneti, kulumikiza kumbuyo kwa rauta. Si ife tokha ayi. Dziko lonse la Britain likutseka netiweki yakaleyi. Poyamba anati atseka mu Disembala 2025, kenako anasunthira tsikulo ku 31 Januwale 2027.

Bambo a kunyumba kwanga atamva anangoseka. "Ingoisiyani imeneyo. Amaimbapo ndani? Anthu otsatsa malonda basi." Sananame. Pano ku Leeds tonse awiri tili ndi mafoni a m'manja, ndipo abale a ku Lilongwe ndi ku Blantyre timacheza nawo pa WhatsApp. Foni ya pakonde ija inkangosonkhanitsa fumbi uku ikutidyera ndalama mwezi ndi mwezi.

Koma ine mtima unkakana, ndipo zifukwa zinali ziwiri. Choyamba, mwana wathu wamkulu ali ndi zaka 9, ndipo tinagwirizana kuti foni yakeyake adikire kaye. Chachiwiri, amayi anga anali m'njira. Anali atapeza viza ya miyezi 6 kudzaona mdzukulu wawo wachiwiri. Amayi ali ndi vuto la BP, maso nawo anayamba kuchita chifunga, ndipo foni yopanda mabatani amadana nayo. Achimwene anawagulirapo ina, inatha mwezi umodzi n'kupatsidwa kwa mdzukulu. Amati: "Chinthu chongoti ukachikhudza pang'ono chathawira kwina, ine ayi." Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, nthawi zambiri usiku, ndipo bambo nawo mashifiti awo amasinthasintha. Panafunika foni yoti munthu angonyamula, kudina manambala, n'kulankhula.

Komanso ndisabise, ndinakulira m'nyumba ya foni. Bambo anga ankagwira ntchito m'boma ku Zomba, ndipo pabalaza panali foni yozunguza ija, yokhala ndi kaloko kakang'ono kuti ana tisamaimbe. Nthawi imeneyo mafoni ndi positi ofesi zinali bungwe limodzi, asanazigawe m'chaka cha 2000 n'kubadwa MTL. Anthu a nyumba zoyandikana ankabwera kudzalandirira uthenga wa maliro kwathu. Ndiye kwa ine nyumba yopanda foni imakhala ngati yaperewera kenakake.

Ndinayamba kufufuza pa nthawi yopuma kuntchito. Njira zinali ziwiri. Yoyamba, kukhalabe ndi kampani imene imatipatsa intaneti, iwo n'kutisinthira okha. Makampani akuluakulu ali ndi mayina awo a zimenezi, mwachitsanzo BT imati Digital Voice. Ubwino wake palibe chovuta, umangozula waya kukhoma n'kulowetsa pa rauta. Njira yachiwiri inali kupita ku timakampani tating'ono ta VoIP, timene ntchito yake ndi foni yokhayokha. Intaneti umatenga kumene ukufuna, nambala umasungitsa kwa iwo. Ena mwa iwo amalipiritsa ndalama yosafika £5 pamwezi kuti usunge nambala, kenako umalipira mphindi zimene waimba. Kuti foni yakale igwire ntchito umagula kabokosi kotchedwa ATA, kokula ngati sopo wosambira. Mbali ina umalowetsa waya wa foni, mbali ina waya wopita ku rauta. Ntchito yake ndi kusandutsa mawu ako kukhala data, ndipo sikadya zambiri, mwina 1 MB pa mphindi.

Ine, mwana wa amayi anga, ndinathamangira yotchipa. Koma ndinaphunzira msanga kuti mtengo wolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu si umene umalipira.

Nkhani yoyamba inali ya kuimba kumudzi. Makampani ambiri amalemba kuti ukalipira mwakuti uziimba kunja mmene ungafunire. Ukatsegula mndandanda wa mayiko, upeza America, Canada, India, mayiko a ku Ulaya. Dzina la Malawi ine sindinalipeze pa mndandanda uliwonse umene ndinatsegula. Kuimba +265 n'kodula, makamaka ukamaimbira foni ya m'manja, chifukwa kampani ya kuno imayenera kulipira netiweki ya kumudzi kuti ifikitse foniyo. Ndiye ndinatenga pepala, n'kulemba makampani anayi, ndipo pa iliyonse ndinayang'ana mtengo wa mphindi imodzi kuimbira nambala ya 088 kapena 099. Ndinayang'ananso ngati pali ndalama yongolumikizira foni isanayambe kuwerenga mphindi, komanso ngati amawerengera pa sekondi kapena amakwaniritsa mphindi yathunthu. Kampani imene inkaoneka yotchipitsitsa pamwezi ndi imene inali yodula kwambiri kuimbira kumudzi.

Mwina mukufunsa kuti bwanji osangoimba pa WhatsApp. Funso labwino. Koma amalume anga ku Ntcheu, mlongo wawo wa amayi, ali ndi kafoni ka mabatani. Bandulo saidziwa. Ndipo ndinkadziwa kuti amayi sangathe sabata osamva za munda, za mbuzi, ndi za amene wadwala pamudzi.

Nkhani yachiwiri inali ya nambala. Nambala yathu ya 0113 ili kusukulu ya mwana, kwa dokotala, ndi kutchalitchi. Mnzanga wina wa kuntchito, wa ku Zimbabwe, anandichenjeza kuti ndisayerekeze kutseka laini yakale ndisanasamutse nambala, chifukwa iye anavutika nazo. Umauza kampani yatsopanoyo kuti ikatenge nambalayo, ndipo umadikira mpaka atakuuza kuti zatheka. Anandiuzanso kuti ndifunse kaye ngati kusamutsa nambala sikudula intaneti, popeza m'nyumba zambiri ziwirizi zimakhala pa mgwirizano umodzi. Ndinafunsa, ndipo zinalidi choncho. Tinayamba tasintha intaneti kukhala ya faiba yopanda foni, nambala n'kusamuka pambuyo.

Nkhani yachitatu inali ya 999. Foni ya intaneti siidziwa kuti ili m'nyumba iti. Ungathe kunyamula kabokosi kaja kupita nako mzinda wina, nambala ikhala yomweyo. Ndiye umayenera kulembetsa adiresi yako kuti ukaimba pangozi, a ambulansi adziwe kokupeza ngakhale utalephera kulankhula. Ndinalembetsa, ndinaonetsetsa kawiri, ndipo ndinadziona ngati katswiri.

Panali tsamba lina limene linkafunsa ngati m'nyumba muli munthu wodalira foniyi yekha, wopanda ya m'manja. Ndinali pa basi, ndikusinza. Ndinadina kuti ayi, n'kupitirira.

Amayi anafika mu Novembala, kuzizira kutayamba. Foni anaikonda tsiku lomwelo. Ndinawalembera manambala atatu ndi zilembo zikuluzikulu, n'kumata pakhoma: yanga, ya apongozi awo, ndi 999. Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi ankakhala pampando wa pakonde n'kuimbira amalume. Ndinkawauza kuti, "Amayi, mphindi 10 zokha, mapaundi akupita." Iwo amvekere, "Iwe, malonje okha amatha mphindi 10." Nthawi zina mawu ankadukaduka mwana akamaonera YouTube, ndiye lamulo linakhazikika: agogo akakhala pa foni, katuni aime.

Kenako unafika usiku wina mu Januwale. Kunali chimphepo, ine ndili kuntchito, bambo nawo anali atawaitana mwadzidzidzi. Cha m'ma 11 koloko ndinaimba kunyumba monga mwa nthawi zonse, kuti ndimve ngati amayi amwa mankhwala. Foni sinalire, inangopita ku uthenga. Ndinaimbanso. Chimodzimodzi. Ndinayesa kasanu. Kenako ndinaona pa gulu la WhatsApp la anthu a mumsewu mwathu kuti magetsi azima dera lonse.

Abale, manja ananjenjemera. M'nyumba muli mayi wa BP amene Chingerezi chake n'cha moni, mwana wa zaka 9, ndi khanda. Kunja mdima ndi mphepo. Ine sindikanatha kuchoka, chifukwa ndinali ndi okalamba amene nawonso ankadalira ine. Ndinaimbira bambo, sanayankhe, anali akuyendetsa galimoto. Mphindi 40 zimene zinatsatira sindidzaziiwala.

Foni yanga inalira ndi nambala yachilendo. Anali mayi wachizungu wa nyumba yoyandikana nafe, ndipo kumbuyo ndinkamva mawu a mwana wanga akumasulira. Amayi anali atamva mutu ukuwawa ndi chizungulire. Ananyamula foni kuti andiimbire, koma munalibe ngakhale kaphokoso kaja. Anabereka khanda kumbuyo ndi chitenje, kugwira mdzukulu padzanja, n'kukagogoda kwa aneba mumdima. Mayi uja anawakhazika pansi, anawayeza ndi makina ake a BP, ndipo anakhala nawo mpaka bambo atafika. Mwamwayi sizinafike poipa. M'mawa dokotala anawaona n'kuwasinthira mankhwala.

Nditafika kunyumba amayi sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Mwanangu, ku Zomba kuja magetsi ankazima tsiku ndi tsiku, koma foni inkalira. Ndiye kuno kwa azungu foni ikufa ndi magetsi?"

Funso lawo linali ndi yankho, ndipo ndinkayenera kulidziwa kale. Mawaya akale a kopa ankanyamula mawu pamodzi ndi mphamvu yake yamagetsi, pafupifupi mavolti 50, yochokera ku ekisichenji kumene kuli mabatire akuluakulu. N'chifukwa chake foni ya bambo anga inkalira tili pa kandulo. Foni ya intaneti imadalira soketi ya m'nyumba mwako. Magetsi akazima, rauta yazima, kabokosi ka faiba kakhoma kazima, ATA yazima, basi foni yasanduka chidole. Nkhaniyi si yatsopano kuno. Mu Novembala 2021, mphepo yamkuntho yotchedwa Arwen inasiya nyumba zambiri kumpoto kwa England ndi ku Scotland zopanda magetsi kwa masiku angapo, ndipo anthu amene anali atasamukira kale ku foni ya intaneti anadandaula kuti analibe poimbira. Bungwe la Ofcom, limene lili ngati MACRA ya kuno, limafuna kuti makampani akhale ndi njira yoti munthu athe kuimba 999 kwa ola limodzi kapena kuposa magetsi atazima, ndipo kwa amene amadalira foni ya m'nyumba yokha, aipereke ulere. Tsamba lija ndinalidumpha pa basi linkafunsa zimenezi. Kampani sinandinamize. Ndine amene sindinawerenge.

Sabata yomweyo tinagula batire ya rauta, ija amati UPS, n'kulumikizapo zinthu zonse zitatu. Foni yopanda waya tinaichotsa, chifukwa nayonso pokhalira pake pamafuna magetsi, tinabwezeretsa ya waya. Kenako bambo anazimitsa magetsi a nyumba yonse pa meni switchi, amayi n'kundiimbira ndili panja. Inalira. Tinagulanso kafoni ka mabatani ka m'manja, kokhala m'dirowa ya kukhitchini, ndipo Loweruka lililonse timakatchaja. Nditawerengera zonse, batire, kabokosi ndi kafoni, ndalama imene ndinkati ndapulumutsa chaka choyamba inatha yonse. Chaka chachiwiri ndiye tidzayamba kuona phindu, ndipo sindikudandaula.

Mng'ono wanga ku Area 25 nditamufotokozera anandiseka kwambiri. "Asisi, ife zimenezo tinazidziwa kalekale. Ndani kuno amagula rauta osaganiza za pawabanki?" Ananena zoona. Zaka zochepa za kuno zinandiiwalitsa funso limene Mmalawi aliyense amafunsa asanagule chinthu cha magetsi, lakuti nanga akazima?

Amayi anabwerera kumudzi mu Epulo. Nambala ya foni yanga ya m'manja mpaka lero saisunga pamtima, koma ya m'nyumba anailoweza chifukwa choyankha tsiku ndi tsiku. Lamulungu masana foni ya pakonde imalira kawiri n'kusiya. Mwana wanga amakuwa ali kuchipinda, "Amami, agogo aflasha!" Ndimasiya mbale m'sinki, kupukuta m'manja, n'kukhala pampando uja. Mphindi 10 zija sizikwanabe.