Za Mapulogalamu Okhala M'kati mwa Seva

Ntchito imene ndidyera ine, imenenso ndaigwira kufikira zala zanga zinazolowera kupeza zokha malo ake pa kiyibodi, ndiyo yolemba ndi kukonza mapulogalamu oyankha anthu pa intaneti. Ndipo popeza ambiri amene amatsegula tsamba pa foni kapena pa kompyuta sadziwa konse kuti kuseri kwa tsambalo kuli makina otchedwa seva, amene usana ndi usiku amalandira mapempho ndi kubweza mayankho, ndaona kuti n'koyenera ndifotokozeko za gawo limodzi la ntchitoyi limene lili pamtima panga, ndilo la mapulogalamu olembedwa m'chinenero cha Perl amene amakhala m'kati mwenimweni mwa seva ya Apache.

Kale, intaneti ikali yanthete, njira yodziwika yopangira tsamba losintha malinga ndi amene walipempha inali CGI, imene inachokera ku NCSA, pa yunivesite ya Illinois m'dziko la America, m'chaka cha 1993. Pempho likafika, seva inkadzutsa womasulira wa Perl watsopano, ndipo iye ankawerenga pulogalamu yonse kuyambira mzere woyamba, naimasulira, nalumikizana ndi database, napereka yankho, nafa pomwepo. Likafika pempho lina, zonsezi zinkayambiranso. Zinali monga munthu wolemba waganyu watsopano pa mzere uliwonse wa m'munda, amene uyenera kumsonyeza pamene pali khasu ndi pamene pali malire, ndipo akatha mzere umodziwo umlipira nachoka osabweranso. Kuchedwa kwake kunali koonekeratu, koma ubwino wake, umene ambiri anauzindikira atautaya kale, unali wakuti waganyuyo sankasiya kanthu m'mbuyo: chilichonse chimene analakwitsa chinkapita naye.

M'chaka cha 1996, patangopita chaka chimodzi Apache atabadwa, Gisle Aas wa ku Norway anayesa kulowetsa womasulira wa Perl m'kati mwa seva momwemo, ndipo Doug MacEachern anaitenga ntchitoyo naikulitsa kufikira inakhala chida chimene tichidziwa ndi dzina lakuti mod_perl. Kuyambira pamenepo womasulira safanso pempho likatha. Pulogalamu imamasuliridwa kamodzi, nikhala yokonzeka mu memory kudikira pempho lotsatira, kotero kuti tsamba limene linkatuluka mokwawa limatuluka munthu asanaphethire, ndipo masamba otchuka a nthawi imeneyo, monga Slashdot ndi IMDb, anayenda pa chida chimenechi. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Pakuti pulogalamu imene siifa imakumbukira, ndipo imakumbukira zimene tinafuna kuti isunge pamodzi ndi zimene tinafuna kuti iiwale. Luso lonse la ntchito yathu, monga ndiliona ine, lagona pa kulekanitsa ziwirizi.

Kuti zimenezi zimveke bwino, wowerenga adziwe kuti Apache, pamene ayendetsedwa m'njira yotchedwa prefork, ali ndi process imodzi yaikulu imene timaitcha kholo, ndipo kholo limabala ana ambiri, aliyense ndi womasulira wake ndi memory yakeyake. Kholo siliyankha pempho; amayankha ndi ana, ndipo pempho limagwera mwana aliyense amene panthawiyo ali chabe. Chimene mwana mmodzi akudziwa, mbale wake sachidziwa. Pamenepa ndi pamene pamabadwira mtundu wa vuto umene umakalambitsa munthu msanga pa ntchitoyi, vuto loonekera lero n'kubisala mawa, loonekera kwa mwini ntchito n'kubisala kwa mmisiri amene waitanidwa kudzalikonza.

Bungwe lina linandiitana tsiku lina ndi nkhawa yaikulu, chifukwa tsamba lawo, limene mamembala ankalowamo kukaona za ndalama zimene anasonkha, nthawi zina linkalonjera munthu ndi dzina la mnzake. Amene analemba pulogalamuyo anali mmisiri wabwino ndithu, ndipo pa CGI inali itayenda nthawi yaitali popanda chilema. Anangoisamutsira pa mod_perl kuti ifulumire, osasintha mzere ndi umodzi womwe. Iye akaiyesa yekha ataiyambitsanso seva, zonse zinkayenda molongosoka, pakuti mwana aliyense anali kuyankha pempho lake loyamba. Koma anthu akachuluka, mwana yemweyo nalandira pempho lachiwiri ndi lachitatu, dzina la munthu woyamba linkatulukanso pa tsamba la wina. Kwa mwini bungwe chimenechi chinali chamanyazi, koma kwa ine chinali choopsa koposa manyazi, chifukwa pamene dzina ladutsa, tsiku lina padzadutsanso chinsinsi cha munthu amene anatikhulupirira natipatsa zake.

Chifukwa chake n'chodziwika kwa onse amene anakhalitsa pa ntchitoyi. Apache::Registry, chimene chimalola script ya CGI kuyenda pa mod_perl, chimatenga script yonse n'kuikulunga m'kati mwa sub imodzi yaikulu. Chotero sub iliyonse imene mlembi anaipatsa dzina m'script yake imasanduka sub ya m'kati mwa inzake, ndipo ikamagwiritsa ntchito variable imene inalengezedwa kunja kwake ndi mawu akuti my, imagwira variable ya ulendo woyamba osaisiyanso, ngakhale script yonseyo ilandire dzina la munthu wina kambirimbiri. Perl sabisa zimenezi. Mlembi akaika use warnings pamwamba pa script, Perl amalemba mu error_log, fayilo imene seva imalembamo zolakwika, kuti variable yakutiyakuti will not stay shared. Koma chenjezo lipindulanji kwa munthu amene satsegula fayilo imene lalembedwamo?

Njira yanga yolondolera vuto lotere siisintha. Ndimaimitsa seva yoyeserapo, ndi kuiyambitsa ndi lamulo lakuti httpd -X, limene limauza Apache kuti asabale ana, koma process imodzi yokha iyankhe mapempho onse. Pamenepo vuto limene linkaoneka mwa apo ndi apo limaoneka pa pempho lachiwiri nthawi zonse, ndipo chimene chimaoneka nthawi zonse chimagwidwa. Pa seva imene anthu akuigwiritsa ntchito, imene sindingaiimitse, ndimaonjezera pa mzere uliwonse wolembedwa mu error_log nambala ya process, imene Perl amaisunga mu $$, kuti ndithe kutsata mbiri ya mwana mmodzi pakati pa phokoso la abale ake, ndi kuona chimene anapemphedwa asanayambe kusokonezeka. Kukonza kwake kunali kwa mizere yochepa: dzina lizipatsidwa kwa sub iliyonse poiitana, isamalitole yokha kunja. Kupeza mizere yochepayo ndiko kunafuna kudekha kumene amati kumaonetsa maso a nkhono.

Pali vuto lina lapachibale ndi limeneli, limene limasokoneza ophunzira onse. Munthu amakonza module, nasunga fayilo, natsegula tsamba, ndipo amaona zatsopano. Akatsegulanso amaona zakale. Perl akawerenga module kamodzi amailemba m'ndandanda wa %INC ndipo saiwerenganso, kotero mwana amene anaiwerenga isanakonzedwe amayankha zakale, wongoiwerenga kumene nayankha zatsopano. Pa kompyuta yolemberapo timaika Apache::Reload kuti iziyang'ana ngati fayilo yasintha. Pa seva yeniyeni timaiimitsa kotheratu ndi kuiyambitsanso.

Nkhani ya memory ndiyo imene ndimataya nayo nthawi yambiri pophunzitsa achinyamata, chifukwa imapha seva pang'onopang'ono, popanda chenjezo lililonse. Perl akatenga memory kawirikawiri saibwezera kwa makina. Amaisunga kuti adzaigwiritsenso ntchito. Tsono mwana amene tsiku lina anameza fayilo yaikulu yonse nthawi imodzi, m'malo moiwerenga mzere ndi mzere, amakhala wonenepa chomwecho kufikira imfa yake, ndipo popeza pempho lomwelo lidzagwera abale ake mmodzi ndi mmodzi, onse adzanenepa. Tiyerekeze kuti mwana aliyense wafika pa ma megabyte 50, ndipo mwini seva analola ana 100: amenewo ndi ma megabyte 5,000, ndipo ngati makinawo alibe memory yotero amayamba kutsanulira zotsala pa disiki, mayankho nachedwa, mapempho naunjikana, kholo nilibala ana ena kuti athandize, amene amangoonjezera katundu pa makina otopa kale, kufikira zonse ziima. Chifukwa cha ichi ine sindiika nambala ya MaxClients, ndiyo malire a chiwerengero cha ana, mongoganizira. Ndimayamba ndayeza kukula kwa mwana mmodzi seva itagwira ntchito kwa nthawi, kenaka ndigawa memory imene ilipo. Ndimaikanso malire a MaxRequestsPerChild kuti mwana akayankha mapempho okwanira apume, pabadwe wina, ndipo Apache::SizeLimit imachotsa amene wakula kupitirira muyeso. Chinthu chimene chimandikondweretsa koposa, komabe, ndi fayilo ya startup.pl, mmene timauza kholo kuti liwerenge ma module onse lisanabale. Pakuti ana obadwa pambuyo pake amagawana memory imeneyo ndi kholo lawo, ndipo aliyense amatenga yakeyake pokhapokha pamene wasintha kanthu. Ndi mizere yowerengeka chabe, koma ndaona makina amene mwini wake anali atatsimikiza zogula atsopano akupezanso mpweya chifukwa cha iyo.

Database nayo ili ndi mwambo wake. Apache::DBI imalola mwana aliyense kusunga kulumikizana kwake ndi database m'malo molumikizana mwatsopano pa pempho lililonse. Koma MySQL, ngati sinauzidwe zina, imadula kulumikizana kumene kwakhala chete kwa maola 8. Seva imene inagona usiku wonse popanda mlendo imadzuka m'mawa ana ake atagwira kulumikizana kumene kunadulidwa kale, ndipo woyamba kufika pa ntchito angathe kulandira tsamba lolembedwa 500 Internal Server Error, pamene mu error_log mwalembedwa kuti MySQL server has gone away. Mwana ayenera kuyamba wafunsa database ngati ikumumvabe asanaitumize pempho. Ndikamva kuti tsamba limavuta m'mawa mokha, makamaka Lolemba, ndimayang'ana kumeneko ndisanayang'ane kwina kulikonse.

Ife amene timatumikira anthu a kwathu kuno tili ndi chifukwa chapadera chosamalira chinthu china, chimene anzathu a kumaiko a intaneti yothamanga angathe kuchinyalanyaza kwa kanthawi. Owerenga athu ambiri amatsegula masamba pa foni, kumene netiweki imabwera n'kuchoka, ndipo mwana wa mod_perl, wolemera ndi wodula monga ndafotokozera, angathe kukonza yankho m'kanthawi kochepa kwambiri koma n'kukhala womangika nthawi yaitali, akudikira kuti foni ya munthu wa kumudzi ilandire zilembo zomaliza. Panthawi yonseyo sangayankhe wina. N'chifukwa chake kutsogolo timaikako seva ina yopepuka, kaya Apache wopanda Perl kaya nginx imene Igor Sysoev anaitulutsa mu 2004, kuti iyo ilandire yankho lonse nthawi imodzi, imasule mwanayo, ndipo idikire wowerengayo modekha. Zithunzi ndi mafayilo osasintha imapereka yokha. Wowerenga wa netiweki yofooka sanalakwe kanthu, ndipo sindivomereza mmisiri amene amamuimba mlandu pa kuchedwa kumene kamangidwe kabwino kakanakuchotsa.

Chizolowezi chimodzi chokha ndicho ndimadana nacho poyera pakati pa anzanga a ntchito, ndicho choyambitsanso seva msangamsanga vuto likangooneka, osayamba waona kuti ndi mwana uti amene wakula, wakula motani, ndipo error_log ikunena chiyani. Indetu tsamba limayambanso kuyenda, mwini ntchito nathokoza, koma ana amene anali mboni afa onse pamodzi ndi umboni wao, ndipo mlandu suola: udzabweranso sabata yamawa, mwina pa tsiku limene anthu akulipira fizi kapena akufuna zotsatira za mayeso. Pamene anthu akuvutika, seva iyambitsidwenso ndithu, koma munthu atenge kaye kamphindi kolemba zimene makina akuonetsa. Ndipo polemba mu error_log tisamale kuti mawu achinsinsi a anthu asalowemo, pakuti fayilo imeneyo imawerengedwa ndi maso ambiri.

Masiku ano mapulogalamu atsopano ambiri sakhalanso m'kati mwa Apache. Ngakhale mod_perl 2.0 inatuluka mu 2005 kutsatira Apache wachiwiri, mu 2009 Tatsuhiko Miyagawa anabweretsa PSGI ndi Plack, zimene zimalola pulogalamu ya Perl kuyenda pa seva yakeyake kuseri kwa seva yopepuka ija, ndipo ndikafunsidwa za ntchito yoyamba kumene ndimalangiza njira imeneyo, chifukwa pulogalamu ingathe kuyambitsidwanso popanda kugwedeza seva yonse. Koma pulogalamu yotereyonso siifa pempho likatha, ndipo amene amaganiza kuti posamuka wathawa mavuto ndatchulawa adzawapeza akumudikira komweko. Za mapulogalamu akale amene akuyenda bwino pa mod_perl, sindifulumira kuuza mwini wake kuti awononge ndalama zosamutsira. Ndipo akasankha kusamuka, chinthu choyamba chimene ndimachita pa malo atsopanowo ndicho kuyendetsa process imodzi yokha, kulowa ndi dzina limodzi, kutuluka, kulowanso ndi dzina lina, ndi kuwerenga tsamba lachiwirilo mzere ndi mzere ndisanalole munthu wina aliyense kulowamo.