Utsi wabuluu pa zitunda za Ntchisi

Chaka chatha ndidatenga ngongole n'kugula Toyota Hilux yakale ya dizilo, yokhala ndi turbo, kuti mng'ono wanga azinyamulira soya ndi mbatata kuchokera kumapiri a Ntchisi kupita ku Mponela. Malipiro a uphunzitsi paokha safika pakati pa mwezi, anzanga mukudziwa.

Patangotha miyezi inayi galimoto idayamba kufuka utsi wabuluu, oyilo n'kumatha msanga. Makaniko woyamba sadatsegule n'komwe boneti. "Aphunzitsi, maringi atha, tiphwasule injini." Mtengo umene adatchula udali malipiro anga a miyezi ingapo, chonsecho ngongole ikudulidwabe.

Mkulu wina wokonzera galimoto pansi pa mtengo ndiye adayamba ndi mafunso. Utsiwo ngwamtundu wanji? Adati wakuda ndi dizilo wosapsa bwino, woyera wosaleka kawirikawiri ndi madzi olowa mu injini, wabuluu ndi oyilo. Nanga umatuluka nthawi yanji? Ndidati umachuluka galimoto ikaima nthawi yaitali injini ikulira, kenaka n'kuponda mafuta.

Adatsegula potsirira oyilo injini ikulira. Sipadatuluke mpweya wamphamvu, ndiye adati maringi akadalipo. Adazimitsa, n'kumasula paipi ya turbo: m'kati muli oyilo wokhawokha. Atagwira kachitsulo kozungulira ka m'katimo ndi zala, kadagwedera ngati dzino la mwana. Timphete totchinga oyilo tidali titatha.

Ine wophunzitsa Physics ndidaima ngati wa Fomu 1. Kachitsuloko kamazungulira maulendo opitirira 100,000 pa mphindi, kakukankhidwa ndi utsi wotentha, ndipo chokaziziritsa ndi oyilo. Mng'ono wanga akangomaliza chitunda ankazimitsa injini nthawi yomweyo, ati kusunga dizilo. Oyilo wotsalira m'menemo ankapsa n'kusanduka makala. Sefa ya mpweya nayo idali itatsekeka ndi fumbi, turbo n'kumayamwa oyilo m'malo mwa mpweya.

Chimene chidandiopsa ndi ichi: injini ya dizilo ikameza oyilo wambiri imatha kuthamanga yokha, osazima ngakhale uchotse kiyi. Ndidaganiza za mng'ono wanga ali pamtsetse, matumba ali pamsana.

Tidakagula turbo yogwirapo kale ntchito ku Lilongwe, injini sitidaikhudze. Masiku ano akafika pa Mponela amaisiya ikulira mphindi ziwiri asanazimitse, uku akung'ung'udza kuti achimwene akumuwotchetsa dizilo pachabe.